Agogo 31 mwa 60 alephera mayeso: kodi ndilembe kuti theka la okalamba kwathu ali ndi dementia?

Namwino wina watilembera motere: "Zikomo aphunzitsi. Ndimagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri. Kafukufuku wanga ndi wa matenda oiwalaiwala, aja amati dementia. Ndinatenga mafunso a MMSE, oyezera kukumbukira ndi kaganizidwe ka munthu, n'kuwamasulira ndekha m'Chichewa, kenako ndinafunsa agogo 60 a zaka 60 kupita m'tsogolo amene amabwera ku kiliniki ya BP ndi shuga. Mwa iwowa, 31 anapeza mamalikisi osafika 24, omwe ndi malire okhozera, ndiye ndinalemba kuti theka la okalamba a m'dera lathu ali ndi matendawa. Ndinaonanso kuti ambiri mwa olepherawo ndi amayi, ndiponso ndi owonda, moti ndimafuna kulemba kuti kuwonda kumayambitsa dementia. Aphunzitsi ondiyang'anira andibwezera pepala atangolembapo kuti, 'Ziwerengerozi sizikunena zimene mukuzinenetsa.' Kodi miyezi itatu yonseyi yapita pachabe? Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, mtima m'malo, ndipo mapepalawo musang'ambe. Ndakhala ndikuwerenga ntchito za ophunzira kwa zaka zambiri, ndipo chitsa chimene mwapunthwapochi chinagwetsapo ambiri, ena mwa iwo akatswiri a mayina. Aphunzitsi anu sakunama, angoumira mawu basi. Nambala ya 31 ndi yeniyeni, munaipeza ndi thukuta lanu. Cholakwika ndi dzina limene mwaipatsa. Inu mwaitcha "odwala dementia a m'dera lathu", pomwe dzina lake loyenera ndi "obwera ku kiliniki ya BP amene sanafike 24 pa mayeso opangidwira anthu ena".

Mlimi wochenjera asanayambe kukangana ndi venda za kulemera kwa thumba la soya, amayamba wayang'ana sikelo. Nafenso tiyambire pomwepo.

MMSE inatuluka mu 1975 ku America, yokonzedwa ndi Marshal Folstein ndi anzake, ndipo anaiyesera pa odwala a m'chipatala cha kumeneko. Mamalikisi onse ndi 30. Tsopano tengani pepala lanu muwerenge nane. Kuchotsera 7 pa 100 kasanu motsatizana, mamalikisi 5. Kuwerenga chiganizo cholembedwa n'kuchita zimene chikunena, 1. Kulemba chiganizo chako, 1. Kukopera chithunzi cha zinthu ziwiri za ngodya zisanu zolowana, 1. Akwana 8. Gogo amene sanagwirepo pensulo chibadwire akhoza kutaya onsewa n'kutsala ndi 22. Ndiye kuti walephera kale asanaiwale kalikonse. Ndikudziwa kuti alipo amayi ogulitsa tomato amene masamu a chenji amawathyola kuposa ine, koma auzeni kuti achotse 7 pa 93 popanda ndalama m'manja, muona mmene angakuyang'anireni.

Palinso mamalikisi 5 a nthawi: chaka, nyengo, mwezi, deti ndi tsiku. Sindiiwala mayi wina wachikulire amene ndinamufunsa kuti lero ndi pa chani. Anaseka n'kunena kuti, "Madeti ndi anu inu olandira malipiro. Ine ndikudziwa kuti msika unali dzana, mawa kuli mapemphero a amayi, ndipo mtedza ndibzala mvula ikagwanso kamodzi." Papepala ndinamupatsa ziro. Koma nthawi ankaidziwa bwinobwino, kalendala yake ndi yanga ndiye zinali zosiyana.

Apa ndi pamene pabisala nkhani ya amayi ija. Sukulu yaulere ya pulayimale inayamba mu 1994. Amene ali ndi zaka 70 lero anakula nthawi imene sukulu inali yolipira, ndipo m'mabanja ambiri ndalama ikapezeka inkapita kwa mwana wamwamuna. Choncho mukaona amayi akulephera kwambiri MMSE, funso loyamba si la ubongo wawo, ndi lakuti analekezera kalasi yanji. Zoona, m'mayiko ambiri amayi odwala dementia amachuluka kuposa abambo, mwa zina chifukwa amakhala moyo wautali. Koma pa ziwerengero zanu simungasiyanitse za ubongo ndi za sukulu mpaka mutagawa anthu anu 60 m'magulu a amene sanapiteko kusukulu, amene anapitako pang'ono ndi amene anamaliza pulayimale. Onjezani apo makutu osamva bwino, ng'ala m'maso, gogo amene chinenero chake cha kubere ndi Chiyawo kapena Chilomwe, ndiponso uja amene wayenda mtunda wautali m'mimba muli gwaa n'kupeza namwino wovala yunifolomu akumufunsa mafunso ngati kupolisi. Zonsezi zimadya mamalikisi.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, tipite kwa anansi athu ku Tanzania. M'boma la Hai, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro, ofufuza anayeza anthu 1,198 a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2013. Dokotala atagamula potsatira malamulo a DSM-IV, buku la madokotala lozindikirira matenda a maganizo, odwala dementia anali 6.4 peresenti. Pa anthu omwewo, atagwiritsa ntchito njira ya gulu la 10/66, nambala inafika 21.6 peresenti. Midzi yomweyo, agogo omwewo, koma yankho linachuluka kuposa katatu chifukwa chosintha muyezo. Ndipotu gulu la 10/66 si la anthu wamba. Linayamba mu 1998 motsogozedwa ndi Martin Prince wa ku London, ndipo dzina lake limakumbutsa kuti kafukufuku wosafika 10 peresenti ndi amene ankachitika m'mayiko osauka, kumene kunali 66 peresenti ya odwala. Ngati zida zokonzedwera mayiko ngati athu zimasemphana chonchi, nanga bwanji MMSE yomasuliridwa ndi munthu mmodzi usiku umodzi?

Ofufuza a ku Hai omwewo anadzakonza mayeso afupiafupi otchedwa IDEA, osafuna kuwerenga kapena kulemba. Amafunsa kuti mlatho n'chiyani, dzina la mfumu ya mudzi, lero ndi lachingati, nyama zimene munthu angatchule pa mphindi imodzi, mawu 10 oti awakumbukire pakapita kanthawi, ndipo m'malo mojambula ndi pensulo, gogo amayala timitengo ta machesi motsanzira chithunzi. Palinso mayeso ena otchedwa CSI-D, amene anagwira ntchito pa kafukufuku woyerekeza Ayoruba a ku Ibadan ndi anthu akuda a ku Indianapolis kuyambira mu 1992. Ubwino wa CSI-D ndi woti ili ndi mafunso a wachibale wokhala ndi gogoyo. Chida chilichonse chimene mungasankhe, chimasulidwe ndi munthu mmodzi, wina amene sanaone Chingelezi chake achibwezere ku Chingelezi, muyerekeze, kenako muchiyese kaye pa agogo khumi musanayambe zenizeni.

Komabe, ngakhale chida chabwino chotani, mayeso a mphindi khumi ndi sefa chabe. Sagamula matenda. Kuti tinene kuti munthu ali ndi dementia, pamafunika umboni woti nzeru zake zatsika poyerekeza ndi mmene analili kale, komanso kuti kutsikako kukumulepheretsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Gogo amene ankaphika nsima ya pamaliro, lero akuthira ufa m'madzi ozizira n'kuchokapo. Bambo amene anali katswiri wa bawo, lero sakudziwa kotaya nkhomo, kapena akusochera pochokera kudimba kumene walima zaka 40. Zimenezi sizituluka pa mamalikisi, zimatuluka pakamwa pa mpongozi kapena mdzukulu amene amakhala naye.

Tichite masamu ongoyerekeza. Tinene kuti m'dera muli agogo 1,000, ndipo odwala enieni ndi 60. Sefa yanu ndi yabwino ndithu: imagwira 85 mwa odwala 100 aliwonse, ndipo imamasula 85 mwa anthu 100 aliwonse amene sakudwala. Mwa odwala 60 aja igwira 51. Koma mwa 940 abwinobwino igwira molakwika 141. Ogwidwa onse ndi 192, ndipo mukalemba kuti 19 peresenti akudwala pomwe zoona zake ndi 6 peresenti. Mwa anthu anayi aliwonse ogwidwa, pafupifupi atatu alibe matendawa. N'chifukwa chake kafukufuku wolongosoka amayenda magawo awiri: kusefa anthu onse, kenako dokotala kuona bwinobwino olepherawo. Chimene ambiri amaiwala ndi kutengako mwamaere ena mwa okhoza aja kuti nawonso aonedwe ndi dokotala. Popanda zimenezo simudzadziwa kuti sefa inaphonya angati, makamaka aphunzitsi ndi makalaliki opuma ntchito, amene amatha kukhoza mayeso matenda atayamba kale.

Sikelo taiona. Nanga m'thumbamo munali chiyani?

Munalemba za "okalamba a m'dera lathu", koma munafunsa okhawo obwera ku kiliniki ya BP ndi shuga. Matenda awiriwa amawononga mitsempha ya magazi ya muubongo, choncho gulu limeneli likhoza kukhala ndi odwala ochuluka kuposa mudzi wonse. Mbali inayi, gogo amene matenda afika pa mwana wakana phala sabwera ku kiliniki. Ali kunyumba, mwina abale amutsekera kuti asasochere, mwina akuchita naye manyazi. Ndiye gulu lanu lapendekera uku ndi uku, ndipo palibe masamu amene angakuuzeni kuti lapendekera kwambiri mbali iti. Wofuna kunena za dera amayamba ndi mndandanda wa okalamba onse, wochokera kwa alangizi a zaumoyo ndi kaundula wa nyakwawa, n'kusankha mwamaere, kenako kuyenda khomo ndi khomo. Akapanda kumupeza munthu amabwererako, ndipo okana ndi osapezeka amawalemba kuti ndi angati.

Za kuchepa kwa anthu 60 sinditalikitsa. Mwa 60, anthu 31 ndi 52 peresenti, koma confidence interval yake, kutanthauza mpata umene nambala yeniyeni ingakhalemo, imayambira pafupifupi 39 kufika 64. Nambala yotereyi musamailembe yokha, mpata umenewu uziyenda nayo. Mukanafuna kuyeza matenda amene mukuganiza kuti ali pa 10 peresenti, n'kulola kuphonya ndi 3 peresenti uku kapena uku, pakanafunika anthu 384. Posankha midzi yathunthu m'malo mwa munthu mmodzimmodzi nambalayo imakwera, ndipo mukawerengera okana, mupezeka mwadutsa 600.

Chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi zaka. Kuyambira zaka 65, chiwerengero cha odwala dementia chimawirikiza kawiri pafupifupi zaka zisanu zilizonse, ndiye kuphonya zaka zisanu si nkhani yaing'ono. Agogo ambiri sadziwa chaka chimene anabadwa, ndipo chimene chili pa chiphaso cha unzika nthawi zina chinangoganiziridwa pa tsiku la kalembera mu 2017. Yang'anani mndandanda wanu. Mukapeza kuti ambiri ali ndi zaka 60, 65, 70 ndi 80 ndendende, dziwani kuti zambiri ndi zongopeka. Ife timayenda ndi kalendala ya zochitika: njala ya 1949, kuyamba kwa chitaganya mu 1953, kumangidwa kwa atsogoleri mu 1959, ufulu mu 1964. Mumafunsa kuti, "Pa njala ija munali mutabadwa? Ufulu umabwera muli ndi mwana, kapena munali musanathe msinkhu?" Mayi amathanso kukuthandizani ndi zaka za mwana wake woyamba.

Tsopano za kuwonda. Apa ndiye ndikukupemphani kuti chiganizo chija muchichotse ndithu.

Mukaona ngolo ndi ng'ombe zikutsika chitunda pa chithunzi, simungadziwe ngati ng'ombe zikukoka kapena ngolo ndi imene ikuzikankha. Kafukufuku wa tsiku limodzi ngati wanu ndi chithunzi chotero. Matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu umodzi wa dementia, amayamba kugwira ntchito muubongo zaka zambiri munthu asanapezeke nawo. Pa nthawi imeneyo amaiwala kudya, kuphika kumamuvuta, fungo la chakudya silimukoka ngati kale, ndipo thupi limatsika. Mu 2015 kafukufuku wa anthu pafupifupi 2 miliyoni ku Britain anapeza kuti owonda kwambiri ndi amene ankapezeka ndi dementia mochuluka, ndipo nyuzipepala zinathamangira kunena kuti kunenepa kumateteza. Koma kafukufuku wa Whitehall II, amene wakhala akutsatira ogwira ntchito za boma oposa 10,000 a ku London kuyambira mu 1985, anaonetsa kuti kunenepa kwambiri pa zaka 50 kumawonjezera chiopsezo, ndipo thupi limadzayamba kutsika m'zaka zoyandikira kupezeka kwa matendawa. Ngolo ndi imene inkakankha. Kwathu kuno palinso wachitatu wobisala, umphawi. Umphawi womwewo umene unamulepheretsa gogo sukulu ndi umene ukumuwondetsa lero, ndipo sukuluyo ndi imene yamugwetsa pa MMSE.

Msampha wina ndi wakuti akufa sayankha mafunso. Kale kafukufuku wina woyerekeza odwala ndi osadwala ankaoneka ngati akusonyeza kuti osuta fodya sadwala Alzheimer kawirikawiri. Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti osuta ambiri anali atamwalira kale ndi mtima kapena khansa asanafike msinkhu wa dementia. Ofufuza a ku Rotterdam atatsatira anthu kwa zaka, anapeza mu 1998 kuti kusuta kumawirikiza chiopsezocho pafupifupi kawiri. Kuno kumene okalamba a lero anapulumuka chikuku, njala ndi mliri wa Edzi, funso lakuti "ndani sanafike pa mndandanda wanga?" lisamachoke m'mutu.

Ndiye kuti kudziwa choyambitsa kumafuna kutsatira anthu omwewo kwa zaka, kapena kuwagawa mwamaere n'kuyesa chithandizo, monga anachitira ku Finland pa kafukufuku wa FINGER wa anthu 1,260, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Ntchito zoterezi si za munthu mmodzi, ndipo nazonso zili ndi minga yake: odwalitsitsa ndi amene amayamba kusowa pa ulendo wachiwiri, pomwe otsalawo amazolowera mafunso n'kumakhoza bwino. Koma simukuyambira pathengo. Kafukufuku wa MLSFH wakhala akutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira mu 1998, ndipo kuyambira mu 2012 amayeza kaganizidwe ka anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo ndi mafunso okonzedwera anthu osapita patali ndi sukulu. Ku South Africa kuli kafukufuku wa HAALSI, m'dera la Agincourt, wa anthu oposa 5,000. Werengani mmene anzathuwa anathetsera mavuto omwe mwakumana nawo. Bungwe la WHO limati odwala dementia padziko lonse ndi oposa 55 miliyoni, ndipo oposa 60 peresenti ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, koma zambiri zimene timadziwa za zoyambitsa zinachokera ku Ulaya ndi ku America. Ntchito yanu ikufunika, bola iime pa miyendo yolimba.

Nanga mutani ndi mapepala 60 amene muli nawo? Njira yachidule, imene ine ndingasankhe nditakhala inu, ndi kusintha funso kuti ligwirizane ndi zimene munasonkhanitsa. Mutu ukhale wa mmene MMSE imagwirira ntchito pa okalamba a ku kiliniki ya BP, poyerekeza opita kusukulu ndi osapita. Onetsani funso ndi funso kuti anthu anagwera pati. Mukapeza kuti osaphunzira akugwa pa masamu ndi zolemba koma akukumbukira mawu atatu amene MMSE imawauza kuti asunge m'mutu mofanana ndi anzawo, mwapeza chinthu chothandiza namwino aliyense m'dziko muno. Ngati nthawi ndi ndalama zilipo, onjezani gawo lachiwiri: bwererani kwa onse 60 ndi IDEA kapena CSI-D, mufunse achibale, ndipo dokotala amene sanaone mamalikisi anu awaone payekha. Za khomo ndi khomo zisungeni, zidzakhala za digiri yotsatira. Musafune kuyankha za amayi, kuwonda, BP ndi shuga zonse pa anthu 60, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali anthu awiri oti muwaone musanasinthe kalikonse. Woyamba ndi katswiri wa ziwerengero, ndipo mupite kwa iye musanabwerere kumudzi, chifukwa chimene sichinafunsidwe kompyuta singachibweze. Wachiwiri ndi komiti imene inavomereza kafukufuku wanu, kaya ndi COMREC, kaya NHSRC, kaya ya pasukulu panu. Kuwonjezera mafunso kapena kufunsa achibale kumafuna chilolezo chatsopano. Mulembenso momveka kuti mudzatani ndi gogo amene sangathe kumvetsa zimene akuvomera. Wachibale akhoza kumusainira, koma mwini wake akakana, ngakhale pongotembenuza nkhope, mumusiye.

Ndisanaiwale, agogo 31 aja ndi odwala anu asanakhale manambala, ndipo ena mwa iwo ali ndi vuto lenileni. Amene wasokonezeka mwadzidzidzi, pa maola kapena masiku ochepa, akusinza masana, akulankhula zosagwirizana, ameneyo musamuike m'gulu la dementia. Aonedwe tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, sitiroko, kapena shuga wotsika kwambiri, makamaka kwa omwa mankhwala a shuga a glibenclamide amene sakudya mokwanira. Amene kuiwala kwabwera pang'onopang'ono ndipo abale akuchitira umboni, ayezedwe HIV ndi chindoko, ndipo ngati n'kotheka vitamini B12 ndi chithokomiro. Funsani za mowa, za mankhwala ena amene akumwa, ndi za kuvutika maganizo, chifukwa gogo wofedwa amene wangotsala yekha amatha kuyankha "kaya" pa funso lililonse pomwe ubongo uli bwino. Yang'anani phula m'makutu ndi ng'ala m'maso. Zambiri mwa izi zimachizika. Zikakukulirani, tumizani ku chipatala cha boma kwa woona za matenda a maganizo, ndipo iwo akhoza kupititsa ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku chipatala chachikulu.

Zotsatira za munthu zikhale pakati pa inu, iye ndi womusamalira. Mukudziwa zimene zimanenedwa m'midzi mwathu gogo akapezeka usiku pakhomo pa eni ake asakudziwa kumene ali, ndipo sitinaiwale okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira ufiti. Mndandanda wa mayina olembedwa kuti "mutu sukuyenda bwino" usafike kwa anthu ena, ngakhale kwa nyakwawa amene anakuthandizani. Pa kompyuta lembani manambala m'malo mwa mayina, ndipo pepala lolumikiza ziwirizi likhale lotsekeredwa. Pofotokozera abale, nenani momveka kuti ndi matenda a ubongo, monga mmene BP ilili matenda a mitsempha, ndipo kuti sapatsirana.

Mukagawa anthu 60 aja pa tebulo potengera sukulu, munditumizire. Ndikufunitsitsa kuona kuti mwa 31 aja ndi angati anafika Sitandade 4.